Momwe Mungagwiritsire Ntchito Mawu a Chingerezi Akuti "Eloquent"

Pamene mukufuna kuyamikira m'Chingerezi munthu wodziwa kulankhula, amene mawu ake amawafika anthu pamtima mpaka kuwakopa kuti agwirizane naye, mawu oyenera kusankha ndi akuti "eloquent". Mawuwa anachokera ku mneni wa Chilatini wakuti "eloqui", kutanthauza kulankhula poyera, ndipo analowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300. Powatchula, tsindikani phatikizo loyamba.

Mawuwa ndi mfotokozi, choncho muziwaika patsogolo pa dzina limene akufotokoza, monga "an eloquent speaker". Onetsetsani kuti mwalemba "an" osati "a", popeza akuyamba ndi lembo la liwu. Mukafuna kutchula luso lenilenilo, nenani "eloquence", ndipo pofotokoza mmene munthu walankhulira, nenani "eloquently".

Pamene ambiri amaphonya m'posiyanitsa mawuwa ndi ena ofanana nawo. Munthu amene amalankhula chinenero mosadodoma ndi "fluent", ndipo amene amafotokoza mfundo zake momveka bwino ndi "articulate", koma onse awiriwa angathe kulankhula kwa ola lathunthu omvera osakhudzidwa n'komwe. "Eloquent" amayenera munthu amene amaphatikiza mawu osankhidwa mwaluso ndi mphamvu yosonkhezera maganizo, ngati mmene Martin Luther King Jr., womenyera ufulu wa anthu akuda ku America, analankhulira pamaso pa anthu opitirira 200,000 mumzinda wa Washington pa 28 August 1963. N'chifukwa chake si bwino kuwaononga pa munthu amene wangowerenga lipoti la pamsonkhano popanda kulakwitsa.

Samalaninso ndi mawu akuti "glib". Iwo amanena za munthu wa pakamwa potsetsereka amene zonena zake zilibe mutu kapena si zochokera pansi pa mtima, ndipo mukamutchula mnzanu motero ndiye kuti mwamunyoza. Ngati chimene mukufuna kunena n'chakuti munthuyo anakwanitsa kusintha maganizo a anthu, kaya analankhula mokoma kapena ayi, "persuasive" ndiwo mawu olondola.

Kalata kapena nkhani yolembedwa ingathenso kutchedwa "eloquent", ngakhalenso kukhala chete kumene kukusonyeza zimene zili mumtima mwa munthu. Poyerekezera anthu awiri nenani "more eloquent", ndipo akakhala ambiri, wopambana onse ndi "the most eloquent".