Zoyenera kuchita matenda a COPD akakula mwadzidzidzi mwa wachikulire amene ali ndi matenda enanso

COPD ndi matenda okhalitsa amene amachepetsa njira za mpweya m'mapapo, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti m'chaka cha 2021 anapha anthu pafupifupi 3.5 miliyoni padziko lonse. Ambiri amawadziwa ngati matenda a osuta fodya, koma kwathu kuno amagwiranso amayi amene akhala akuphika pa nkhuni kapena pambaula m'khitchini yopanda zenera kwa zaka zambirimbiri, komanso anthu amene mapapo awo anatsala ndi zipsera atachira chifuwa chachikulu. Wodwala amakhala bwinoko kwa miyezi, kenako chimfine chikalowa pakhomo, kapena kukazizira mu June ndi July, amayamba kubanika kuposa masiku onse. Agogo ofika pamenepa nthawi zambiri amakhala ali kale pa mankhwala a BP, shuga, mtima kapena ma ARV, ndipo wowasamalira ayenera kudziwa kuti mankhwala othandiza mapapo amatha kuvundula matenda enawo.

Zizindikiro zoti matenda akula ndi kubanika koposa kale, kuchuluka kwa makhololo, ndi kusintha kwa mtundu wake kukhala achikasu kapena obiriwira. Muyeso wabwino ndi zimene agogowo amachita tsiku ndi tsiku: ngati dzana anatha kusamba okha koma lero akupumira panjira popita kuchimbudzi, musadikire kuti adandaule, pakuti achikulire ambiri amabisa ululu poopa kuvutitsa ana.

Akhazikeni pampando ataweramira kutsogolo pang'ono, mikono itatsamira patebulo, kutali ndi utsi uliwonse. Auzeni akoke mpweya ndi mphuno, n'kuutulutsa pang'onopang'ono pakamwa atasongola milomo ngati akuuzira phala lotentha, ndipo kutulutsako kutenge nthawi yowirikiza kawiri ya kukoka. Kenako apatseni inhela (kachipangizo kopopera mankhwala m'kamwa kuti alowe m'mapapo) ya salbutamol, yomwe nthawi zambiri imakhala yabuluu. Ngati adokotala sanapereke dongosolo lina, kachitidwe kofala ndi kupopa kamodzi kapena kawiri pa ola lililonse kwa maola awiri kapena atatu, kenako pakapita maola awiri mpaka anayi alionse malinga ndi mmene akupezera. Munthu wobanika ndiponso wonjenjemera manja satha kupopa ndi kukoka mpweya nthawi imodzi, choncho mankhwala ambiri amathera palilime. Chothandiza ndi spacer, kachubu kolumikiza inhela ndi pakamwa, ndipo ngati palibe, botolo lapulasitiki loyera la 500 ml lobooledwa kunsi kuti inhela ilowe mothina limagwira ntchito imeneyi. Gwedezani inhela, popani kamodzi m'botolo, agogo apume kanayi kapena kasanu pakamwa pa botolo, ndiye mupopenso.

Pali nthawi yoti kunyumba kulibenso chochita. Ngati akulephera kumaliza chiganizo, milomo kapena lilime zikuda mosonyeza kusowa mpweya, akupuma koposa ka 30 pa mphindi, akumva kupweteka pachifuwa, akutsokomola magazi, kapena salbutamol sakusintha kanthu, pezani galimoto nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Chizindikiro chimene chimanyenga mabanja ambiri ndi tulo. Munthu amene wabanika usiku wonse akayamba kusinza ndi kulankhula zosamveka, achibale amati wapeza mpumulo, chonsecho mwina mpweya woipa wa carbon dioxide ukuunjikana m'magazi chifukwa watopa kupuma.

Si kubanika kulikonse kumene kumachokera ku COPD. Ngati miyendo yatupa, akulephera kugona chagada, ndipo akudzidzimuka usiku akusowa mpweya, n'kutheka kuti mtima wafooka ndipo madzi adzaza m'mapapo, vuto limene inhela singathetse. Kutentha thupi ndi kubaya m'nthiti kumaloza ku chibayo, ngakhale kuti mwa okalamba chibayo chimatha kubwera thupi lisanatenthe n'komwe. Chifuwa cha masabata awiri kapena kuposa, kuonda ndi thukuta la usiku zimafuna kuti makhololo ayezedwe TB, makamaka kwa amene ali ndi HIV.

Kuchipatala nthawi zambiri amapereka mapiritsi a prednisolone, 30 kapena 40 mg patsiku kwa masiku asanu, ndipo apa ndi pofunika maso. Mankhwalawa amakweza shuga, makamaka masana ndi madzulo ngati amwedwa m'mawa, kotero amene amangoyeza shuga kukacha asanadye akhoza kuganiza kuti zonse zili bwino. Yezaninso masana kapena madzulo, ndipo ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kufooka zikaoneka, bwererani kuti akaone ngati mankhwala a shuga afunika kuwonjezera kwa masiku amenewa. Prednisolone amasunganso madzi m'thupi ndi kukweza BP, amasowetsa tulo, ndipo agogo ena amabalalika nawo mutu. Amwedwe m'mawa atadya. Musawaphatikize ndi bufeni, indosidi kapena diclofenac wogula pagolosale chifukwa cha nyamakazi, pakuti pamodzi amatha kuyambitsa zilonda zotuluka magazi m'mimba, ndipo opha ululu amenewa paokha amavulaza impso ndi kulemetsa mtima wofooka. Panado ndiye wabwinoko. Amene akumwa ma ARV okhala ndi ritonavir anene zimenezi, chifukwa ritonavir amachititsa kuti mankhwala a gulu la steroid, lomwe prednisolone alimo, makamaka a m'mainhela ena monga fluticasone ndi budesonide, achuluke m'thupi.

Maantibayotiki monga amoxicillin kapena doxycycline amathandiza makamaka makhololo akasintha mtundu, ndipo ayenera kulembedwa ndi wachipatala amene akudziwa mmene impso zilili ndi mankhwala ena amene wodwala akumwa. Mwachitsanzo, antibayotiki wa clarithromycin sayenda ndi simvastatin, mankhwala otsitsa mafuta m'magazi, ndipo maantibayotiki ambiri amasokoneza warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana. Salbutamol wochuluka amathamangitsa mtima ndi kutsitsa mchere wa potaziyamu m'magazi, zomwe furosemide, mapiritsi ochotsa madzi m'thupi, amachitanso, choncho wa vuto la mtima asamangopopa mosawerenga. Ipratropium, mankhwala ena otsegula njira za mpweya, amatha kutseka mkodzo mwa abambo a vuto la prostate, kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo. Propranolol, mankhwala a BP ndi mtima, amatha kufinya njira za mpweya, koma musamusiyitse nokha. Funsani ngati angasinthidwe ndi wina monga bisoprolol. Mapiritsi ogonetsa monga diazepam asaperekedwe kwa munthu wobanika.

Okosijeni nayenso ali ndi mlingo wake. Kwa wodwala COPD, kachipangizo ka pachala koyezera okosijeni m'magazi kayenera kuonetsa pakati pa 88 ndi 92 peresenti, ndipo gadiyani asakweze yekha mpweya pamakina pofuna kuona 99, chifukwa kutero kungaunjikitse carbon dioxide ija mpaka wodwala kukomoka.

Popita kuchipatala, tengani buku la kuchipatala ndi mankhwala onse m'jumbo imodzi, kuphatikizapo ogula nokha ndi azitsamba, popeza agogo amene amayendera makiliniki atatu osiyana sangakumbukire mayina onse. Akatuluka, mphamvu zimatha kutenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti zibwerere, koma kungogona kumafooketsa miyendo, choncho aziyenda pang'ono pabwalo tsiku lililonse ndi kudya pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Fodya asiyidwe, mbaula isalowe m'chipinda chawo ngakhale kuzizire chotani, ndipo abwerere kukaonedwa pasanathe masabata anayi, atatenga inhela ndi botolo lija kuti anamwino akaone mmene akupopera.