Kuphunzitsa za magetsi ndi PhET popanda intaneti

Pasukulu pathu palibe labotale, ndipo mawaya ndi timababu tophunzitsira za magetsi zinatha kalekale. Ndinkadalira PhET, zoyeserera za sayansi zaulere za pa intaneti za University of Colorado Boulder, koma netiweki ikangodula phunziro linkaima, bandulo nayo n'kumangopita.

Nditapita m'tauni ndinatsegula Circuit Construction Kit: DC, pulogalamu ya PhET yolumikizira mabatire ndi mababu pa sikirini, n'kuidawuniloda. Imabwera ngati fayilo imodzi ya HTML, ndipo imatseguka pa Chrome popanda intaneti. Ndinaiika pa flash n'kuikopera mu laputopu ya sukulu.

Panopa ana amalumikiza okha batire ndi mababu, series (motsatizana pa njira imodzi) kapena parallel (lililonse pa njira yakeyake), n'kudzionera babu lomwe likuwala kwambiri. Pafoni imavutako, timawaya timachepa kwambiri moti chala chimagwira polakwika. Ife timangogwiritsa ntchito laputopu, ana akusinthana m'magulu.