Mukamatsikira ku Chikwawa kukawedza, musaiwale kawaya

Anzanga amene mumawedza ndi nyambo za nthenga, zija timati fly, imvani izi musanatsike ku Thabwa. Nsomba yotchedwa tigerfish ya mu Shire, kumunsi kwa mathithi a Kapichira, mano ake ndi akuthwa ngati misomali, ndipo chingwe cha nayiloni imangochidula kamodzi n'kamodzi. Ine mu Okutobala ndinataya nyambo zinayi m'mawa umodzi, zomwe ndinachezera kumanga usiku kwathu ku Chilomoni. Mtima unandiwawa kwambiri.

Mangani kawaya kopyapyala, kotalika ngati chikhatho, pakati pa chingwe ndi mbedza. Kakatalikitsa, nyambo siuluka bwino poponya. Nsomba ikakaluma n'kukapinda, ikani kena, musavutike n'kukawongola. Mbedza muziinola pafupipafupi, chifukwa m'kamwa mwa nsombayi ndi mafupa okhaokha. Ikagunda, musakweze ndodo m'mwamba monga timachitira ndi nsomba za trout pa phiri la Zomba. Ndodo iloze kumadzi, inu mukoke chingwe ndi dzanja mwamphamvu kuti mbedza ilowe. Apa ndi pomwe ambiri timaluzira nsomba. Pochotsa mbedza gwiritsani ntchito pulayala, zala zanu zikhale kutali.

Madzi amayera mvula isanayambe, ndiyo nthawi yabwino. Koma chonde musalowe m'madzi ngakhale mpaka m'maondo, mu Shire muli ng'ona. Funsani asodzi akumeneko poyenera kuima.

Amene mumafikanso kunyanja yamchere ku Mozambique, tsukani zida zonse ndi madzi abwino tsiku lomwelo, mchere usanazidye.