Momwe mungagulire feteleza wotsika mtengo kuno ku Blantyre osabwerera chimanjamanja

Makuponi a nthawi ya a Bingu wa Mutharika, omwe anayamba mu 2005, anatha kale. Kuyambira 2020, pomwe boma linayambitsa AIP, ndondomeko ya zipangizo za ulimi zotsika mtengo, chomwe chimagwira ntchito ndi chitupa cha unzika, ndipo wogulitsa amachijambula ndi foni kuti aone ngati dzina lanu lilimo.

Choncho yambani ndi dzinalo. Pitani kwa alangizi a zaulimi a dera lanu, kaya ndi ku Lunzu, Lirangwe, Kunthembwe kapena Ntonda, mukaone mndandanda ndi maso anu. Mawu a amfumu akuti "munalembedwa" sakwanira. Onani kuti dzina ndi nambala zikufanana ndi za pa chitupa. Ngati chitupacho chinatha nthawi kapena chinafufutika kumbuyo, pitani ku NRB, ofesi ya boma yopereka zitupa za unzika, mvula isanayandikire, chifukwa chitupa chatsopano sichituluka tsiku lomwelo.

Ndalama konzani zokwanira matumba awiri, NPK wokulitsa ndi Urea wobereketsa. Mtengo umasintha: thumba linali K4,495 mu 2020, linafika K7,500 chaka chotsatira, kenaka K15,000 mu 2022. Mverani pa wailesi mtengo womwe unduna wa zamalimidwe walengeza chaka chino, ndipo wokuuzani kuti muwonjezere "ya fanta" kuti mudumphe mzere, mukaneni. Musaiwale ya kabaza, pakuti makilo 100 sungasenze pamutu, ndipo anyamata a njinga amakweza mtengo akaona kuti dzuwa lapendeka.

Pa depoti ndi pomwe pali nkhani. Ine ndinapeza NPK yekha, Urea atatha. Anajambula chitupa, netiweki inadukiza, anajambulanso, ndinalipira thumba limodzi n'kubwerera kunyumba. Urea atabwera, foni inaonetsa kuti ndinatenga kale onse awiri. Kalaliki anangoti, "Bambo, makina sanama." Chimanga chinali chitafika m'mawondo, masamba akuyamba chikasu, ine ndikuyendera nkhani ya thumba lomwe sindinalione. Chinandipulumutsa ndi lisiti, chifukwa panalembedwa NPK thumba limodzi, tsiku ndi ndalama zomwe ndinapereka. Alangizi anapita nalo ku ofesi ya zaulimi ya boma, ndipo dzina langa linatsegulidwanso, ngakhale feteleza ndinathira mochedwa ndipo zokolola zinachepa.

Ndiye netiweki ikavuta pakati pojambula, musalole kuti abwereze musanaone zomwe foni yalemba. Pemphani akuonetseni. Ngati simutha kuwerenga, tengani mwana wasukulu. Lisiti likhale lolembedwa mtundu wa feteleza ndi kuchuluka kwa matumba, ndipo mulisunge m'pulasitiki limodzi ndi chitupa. Chitupacho chisachoke m'manja mwanu kupita kwa munthu woima panja pa mpanda. Mavenda amenewa amalonjeza kukugulirani msanga kapena kukupatsani ndalama pompopompo, koma feteleza wanu amakamugulitsa pa mtengo wa kusitolo, inu n'kutsala ndi ndalama yosagula ngakhale theka la thumba.

Musananyamule, yang'anani msoko wa thumba. Likaoneka losokedwanso pamanja, likaneni, ena amasakanizamo mchenga. Mbewu ikakhalapo tengani tsiku lomwelo, yocha msanga ngati kwanu mvula imadula msanga monga cha ku Lirangwe. Kunyumba ikani matumba pa matabwa, osati pa simenti, kuti Urea asasungunuke.