Kufinya mafuta a njere za malambe ndi mfula: yambani mwadziwa zomwe zili m'katimo

Mafuta a njere iliyonse amapangidwa ndi ma asidi angapo, ndipo kuchuluka kwa asidi aliyense ndi kumene kumakuuzani mmene mungafinyire, mungasungire ndi kugwiritsira ntchito mafutawo. Asidi wotchedwa oleic sawonongeka msanga. Ma asidi a linoleic ndi alpha-linolenic amagwirana ndi mpweya mofulumira, mafuta n'kuyamba kununkha ndi kuwawa. N'chifukwa chake mafuta a tizipatso takutchire ta ku Finland monga lingonberry, omwe gawo lalikulu ndi ma asidi awiriwa, amawatulutsa ndi mpweya wa carbon dioxide popanda kutentha kwambiri.

Kwathu kuno, mafuta a mfula ali ndi oleic woposa 70 peresenti ndi linoleic wosafika 10 peresenti, choncho amakhalitsa. A malambe ndi osiyana: oleic, linoleic ndi asidi wina wotchedwa palmitic zimakhala pafupifupi magawo ofanana, ndipo amafuna kusamala.

Njere za malambe zitsukeni mpaka ufa wonse utachoka, chifukwa ufawo umakoka chinyezi. Ziyanikeni pathandala mpaka chinyezi chitsike pansi pa 8 peresenti. Njere yonyowa imachita nkhungu, komanso mafuta ake amayamba kusasa isanafike n'komwe pamakina. Chikhokho chake n'cholimba, ndiye ziphwanyeni kaye pachigayo. Mukaziponya zathunthu, makina ofinyira amatentha ndipo zitsulo zake zimatha msanga. Yezani kutentha kwa mafuta otuluka, asapitirire madigiri 50 Celsius. Akapitirira, chepetsani liwiro kapena imitsani makina azizire. Musadabwe ndi kuchepa kwa mafutawo: njere yathunthu ili ndi mafuta osafika 20 peresenti, ndipo ena amatsalira m'zotsalira.

Mfula ndi yowolowa manja, popeza pafupifupi theka la kulemera kwa mtedza wake ndi mafuta. Ntchito ili pa kuswa nthangala ndi kusankha. Tayani mtedza uliwonse wakuda, wofota kapena wankhungu, ndipo finyani pasanathe masiku ambiri mutaswa.

Mukafinya, siyani mafuta adekhe masiku atatu kapena kuposerapo, tsanulani apamwamba, sefani ndi nsalu yoyera yothina. Sungani m'botolo lagalasi lakuda kapena m'chigubu chachitsulo chosachita dzimbiri, lodzaza mpaka kukhosi kuti mpweya usapeze malo. Mkuwa ndi chitsulo chadzimbiri zimafulumizitsa kuwonongeka, musazilole kukhudza mafuta.

Chenjezo lalikulu lili pa malambe. Mafuta ake ali ndi ma asidi a malvalic ndi sterculic, omwe amasokoneza mmene thupi limagwiritsira ntchito mafuta. Ofinyidwa mosatenthetsa ndi abwino kudzola ndi kupangira sopo, koma musawagulitse ngati mafuta ophikira. Zotsalira zake musachulukitse m'chakudya cha nkhuku zoikira, chifukwa ma asidi omwewa amasintha mtundu wa dzira m'kati.