Galimoto yakale yothamanga ikumazima pamsewu? Yambani ndi izi musanagule pampu ya mafuta

Eni magalimoto othamanga a m'ma 1990 monga Toyota Celica, MR2, Honda Prelude kapena Mazda MX-5 amalidziwa vutoli. Mwanyamuka bwinobwino pa Dedza, mwadutsa Bembeke, mukuyandikira Lizulu injini yazima. Mwadikira mphindi 10 pambali pa msewu, mwaliza, yalira ngati palibe chachitika. Mukafika kugalaji ku Ntcheu amakaniko sapeza kanthu, chifukwa pofika kumeneko galimoto imakhala ili bwino. Apa ambiri amathamangira kukagula pampu ya mafuta. Ine ndimakaniza. Pampu ndi yodula, pomwe nthawi zambiri chovuta chimakhala relay (kaswichi ka magetsi kolamula pampu), fyuluta ya mafuta kapena waya wadzimbiri. Vutoli muligwire pomwe galimoto yazimira, injini isanazizire. Choncho muziyenda ndi kawaya kafupi, relay yapadera, pulagi yakale ndi kachitini ka mankhwala otsukira kabuleta.

Choyamba, onetsetsani mmene ikuzimira. Ngati galimoto ndi yosintha magiya pamanja, ikuyenda ili m'giya, koma muvi wa geji ya marevu (yoonetsa kuzungulira kwa injini) wagweratu pa 0 nthawi imodzi, mafuta asiyeni kaye. Amenewo ndi magetsi: koyilo, distribyuta, sensa ya kirankishafuti kapena swichi ya kiyi. Injini yosowa mafuta siifa chomwecho. Imayamba yatsamwa, kudukiza, mukaponda moto mphamvu osabwera, kenako n'kuzima pang'onopang'ono. Kumbukiraninso malo ake: pamtunda kapena potsetsereka, pakona kapena poongoka, m'mawa kapena dzuwa lili paliwombo, thanki ili ndi mafuta ochuluka bwanji. Galimoto yomwe imangozima pokwera makona a Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti thanki itatsika pansi pa kota yakuuzani kale zambiri: petulo akumathawira mbali imodzi pampu n'kukoka mpweya.

Ikazima, musanachite china chilichonse, tsegulani chivindikiro cha thanki. Kumva kampweya pang'ono si vuto. Koma mukamva thanki ikukoka mpweya kwa nthawi, kenako galimoto n'kulira nthawi yomweyo, ndiye kuti popumira thanki patsekeka. Yendani pang'ono chivindikiro chili cholefuka kuti mutsimikize.

Ngati ikukanabe, vulani paipi yaikulu yolowetsa mpweya, poperani pang'ono mankhwala otsukira kabuleta aja, mubwezere paipi, mulize. Ikalira masekondi awiri kapena atatu n'kuzimanso, moto wa mapulagi ulipo koma mafuta sakufika. Ikapanda kugwira n'komwe, lumikizani pulagi yakale ija ku waya wa pulagi, muigoneke pachitsulo cha injini, mnzanu aziliza inu mukuyang'ana ngati ikuthetheka. Musaigwire ndi dzanja.

Tiyerekeze kuti moto ulipo. Tsopano mverani pampu. Pamagalimoto ambiri, mukatembenuzira kiyi pa ON pampu imalira masekondi awiri kumbuyo, cha kuthanki. Chenjezo kwa eni Toyota: zambiri za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1990 sizichita zimenezo, pampu imayamba pokhapokha sitata ikuzungulira, ndipo anthu ataya mapampu abwinobwino chifukwa chosadziwa izi. Pa Toyota zimenezi tsegulani boneti, mupeze kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS. Kunsi kwa chivindikiro chake kuli mapu a mabowo. Lumikizani +B ndi FP ndi kawaya kaja kiyi ali pa ON, ndipo pampu iyenera kulira mosalekeza. Pa MX-5 yoyambirira, yomwe idatuluka mu 1989, mabowo ake ndi F/P ndi GND. Werengani kawiri musanabaye, chifukwa kuphonya bowo kutha kuotcha fyuzi kapena kompyuta.

Ngati galimoto yalira kawaya kali pomwepo koma mukachotsa ikuzima, pampu ilibe mlandu. Vuto lili pa relay kapena pa mawaya oilamula. Relay yokalamba imakhala ndi timing'alu pomwe adaotcherera mkati, ndiye ikatentha magetsi amaduka, ikazizira amalumikizananso. N'chifukwa chake kudikira mphindi 10 kumaoneka ngati mankhwala. Ma Honda a nthawi imeneyo amadziwika ndi matendawa pa relay yaikulu yomwe imakhala pansi pa dashibodi. Sinthani ndi ina ya nambala yofanana. Mukadali pa kabokosi ka Toyota, lumikizaninso TE1 ndi E1 muwerenge kuphethira kwa nyali ya injini: 12 (kuphethira kamodzi, kupuma, kenako kawiri) ikutanthauza kuti kompyuta idasowa uthenga wa kuzungulira kwa injini, 14 ndi mbali ya moto wa mapulagi.

Pampu ikulira koma galimoto ikutsamwabe? Apa ndi pomwe ife a m'mbali mwa M1 tiyenera kukhalitsa, chifukwa mafuta akasowa m'malo omwetsera ambirife timathira a m'zigubu, ndipo chigubu sichisankha: fumbi, madzi, ngakhale zotsalira za dizilo zimalowa nawo. Komanso petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo galimoto zamtunduwu zimakhalitsa zili chiimire m'chisanu ndi nkhungu za ku Dedza thanki ili yopanda kanthu. Mkati mumachita dzimbiri. Injini ikamalira, zinyenyeswa za dzimbirizo zimamatirira pa kasefa ka kukamwa kwa pampu mpaka kutseka, monga madeya atsekera sefa. Mukazimitsa zimagwa pansi, njira n'kutseguka, ulendo n'kupitirira mpaka zitasonkhananso.

Kuti muone ndi maso, chitani izi muli panyumba, pabwalo, kutali ndi mbaula ndi wosuta fodya. Injini ikulira zulani fyuzi ya pampu mpaka izime yokha kuti mphamvu ya mafuta m'mapaipi itsike, muchotse waya wa negativi pa batire, kenako mumasule fyuluta mutakulunga kansanza. Khuthulirani za mkati mwake m'botolo loonekera kudzera mbali yolowera mafuta. Mukaona tinthu tofiirira tikudikha pansi, kapena madzi atapatukana ndi petulo kunsi kwa botolo, kusintha fyuluta yokha sikukwanira. Thanki itsike, itsukidwe, kasefa ka pampu kasinthidwe, ndipo kapaipi ka labala ka mkati mwa thanki mukafinye. Kakang'aluka, pampu imalira bwino koma mafuta amabwerera m'thanki momwemo.

Chotsatira chimafuna geji yoyezera mphamvu ya mafuta, ndipo ndi bwino kulipira makaniko amene ali nayo. Injini zambiri za mainjekita za nthawi imeneyo zimafuna mphamvu ya pakati pa 2.5 ndi 3 bar. Za kabuleta sizifika ndi theka la bar lomwe. Kuyeza galimoto itaima sikuulula zambiri. Mangirirani geji kunja, pa galasi lakutsogolo, osati mkati mokhala anthu, ndipo mukwere mtunda womwe imakonda kuzimira. Muvi ukamatsika pomwe mukuponda moto, mafuta akuperewera. Mutaima, vulani kapaipi ka mpweya ka pa regyuleta, kachipangizo kowongolera mphamvu ya mafuta: mphamvu ikwere pafupifupi theka la bar, ndipo m'kapaipimo musapezeke petulo.

Musanaigamule pampu, yezani magetsi pa cholumikizira mawaya ake injini ikulira. Batire imaonetsa mavolti apakati pa 13.5 ndi 14.5, ndipo pamagalimoto ambiri pa pampu sipayenera kuperewera volti yathunthu. Akaperewera, palani dzimbiri pomwe waya wa negativi wamangiriridwa kuthupi la galimoto, muonenso ngati cholumikiziracho sichinapse.

Galimoto yomwe imangozima mukaima pa rodibuloko kapena pochepetsa liwiro pa mahampu, koma pamsewu woongoka ikuthamanga bwino, nthawi zambiri si ya mafuta. Tsukani pakhosi polowera mpweya ndi valavu ya sulo (yothandiza injini kulirabe musakuponda moto), mufufuze timapaipi ta mpweya tong'aluka. Ikamavuta m'mamawa mokha mu June ndi July, ganizirani sensa yoyeza kutentha kwa madzi.

Magetsi akakhala okwanira, fyuluta yatsopano, thanki yoyera, koma muvi wa geji ukugwabe pamtunda kapena pampu ikulira mokweza ikatentha, pamenepo gulani pampu. Pitani ndi nambala ya chasisi kuti akupatseni yoyenera injini yanu, muikire limodzi kasefa katsopano, ndipo mukakwerenso mtunda womwewo geji ili pomwepo. Kuyambira tsikulo thanki isamatsike pansi pa kota, popeza petulo yemweyo ndiye amaziziritsa pampu, ndipo mafuta a m'chigubu azidutsa pa nsalu yoyera asanalowe.