Mmene mungajambulire chithunzi chooneka kuya, kenako n'kuchipaka utoto pakompyuta

Ophunzira ambiri a luso lojambula amathamangira utoto, chifukwa utoto ndi umene umakopa maso, ndipo pulogalamu iliyonse yojambulira pakompyuta imawaikira mitundu yosawerengeka patsogolo. Komabe nyumba imene mizere yake inalakwika imakhalabe yopendekeka ngakhale mutaipaka mitundu yokongola chotani. Choncho ndondomeko iyi ikuyambira pa perspective, yomwe ndi njira yochititsa kuti zinthu zapafupi ndi zakutali zioneke pamalo ake enieni papepala losalala, ndipo utoto ukubwera pambuyo monga wopitiriza ntchito yomweyo.

Chinthu choyamba kulemba papepala ndi mzere wa maso. Umenewu ndi mzere wopingasa umene umasonyeza msinkhu umene maso a woonayo ali, ndipo pamalo atetete umagwera pomwe thambo limaoneka ngati lakumana ndi dziko kuchizimezime. Mukakhala pansi mzerewo umatsika, mukakwera pansanja umakwera nanu. Chilichonse chimene chili m'munsi mwa mzerewo mumachiona pamwamba pake, pomwe chimene chili pamwamba pa mzerewo mumachiona kunsi kwake. Kuti mutsimikize, jambulani anthu asanu a msinkhu wofanana ndi wanu ataima pabwalo losalala, ena pafupi ena kutali: ngati inunso mwaima, mitu yawo yonse idzakhala pamzere wa maso, ndipo chimene chidzasiyane ndi pamene mapazi awo aponda. Wophunzira akamvetsa mfundo imeneyi amasiya kujambula anthu ooneka ngati akuyandama m'malere.

Pamzere umenewu ikani kadontho kamodzi. Mizere yonse imene ikuchoka kwa inu kulowera kutali, monga m'mbali mwa msewu, m'mphepete mwa denga kapena mizere ya matailosi, ikakumane pakadonthoko, pomwe mizere yoima ikhale yoima ndipo yopingasa ikhale yopingasa. Iyi ndiyo perspective ya kadontho kamodzi, ndipo imayenera pamene mukuyang'anizana ndi khoma kapena mukuyang'ana m'khonde lalitali. Njira imeneyi si yatsopano ayi. Katswiri wa zomangamanga Filippo Brunelleschi anaionetsa ku Florence m'dziko la Italy kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, Leon Battista Alberti anailemba mwadongosolo mu 1435, ndipo Leonardo da Vinci anaigwiritsa ntchito pachithunzi cha Mgonero Womaliza chimene chili ku Milan, m'mene mizere ya denga ndi makoma imakakumana pamutu pa Yesu. Ndi bwino kusindikiza chithunzi chimenechi ndi kutsatira mizereyo ndi rula, chifukwa mudzaona kuti kadonthoko kangathenso kulozera maso a anthu kumene wojambula akufuna kuti ayang'ane.

Mukamayang'ana nyumba kuchokera pangodya, timadontho timafunika tiwiri, kena kumanzere kena kumanja, tonse pamzere wa maso. Apa m'pamene ambiri amapunthwa, chifukwa amafuna kuti timadontho tonse tikwane papepala, ndiye amatiika moyandikana kwambiri. Zotsatira zake, ngodya ya m'munsi ya nyumba imasongoka ngati mphuno ya bwato. Tisiyanitseni kwambiri, ngakhale zitafunika kumata mapepala ena m'mbali ndi tepi kuti timadonthoto tigwere kunja kwa chithunzi. Kadontho kachitatu kamawonjezedwa pamene mukuyang'ana nyumba yosanja kuchokera pansi kapena kuchokera pamwamba kwambiri, koma kameneka kangadikire kufikira tiwirito mutatizolowera.

Pali njira imodzi yoyezera imene imapulumutsa nthawi kuposa zonse, ndipo ndiyofunika kuichita mobwerezabwereza. Pakati pa khoma lojambulidwa mu perspective sipapezeka poyeza ndi rula, chifukwa theka lapafupi limaoneka lalikulu kuposa theka lakutali. M'malo mwake lembani mizere iwiri yochokera ngodya ina kukafika ngodya yoyang'anizana nayo, ndipo pamene mizereyo yadutsana m'pamene pali pakati penipeni, pomwe mungaike chitseko kapena nsonga ya denga. Njira yomweyi imathandiza kuika mapolo pamtunda wofanana. Jambulani mapolo awiri oyamba, lembani mizere itatu yopita kukadontho, wina wodutsa pamitu pawo, wina pakati, wina pansi, kenako tulutsani mzere kuchokera pamutu pa polo yoyamba kudutsa pakati pa yachiwiri mpaka ukakhudze mzere wa pansi. Pamene wakhudzapo m'pamene polo yachitatu iimikidwe, ndipo mukabwereza zimenezi mapolo adzayandikana okha pamene akunka kutali, popanda kuyerekeza.

Zinthu zozungulira nazo zimatsata lamulo lomweli. Kukamwa kwa kapu kumaoneka kophwatalala kwambiri kukayandikira mzere wa maso, ndipo kumatseguka kapuyo ikamatsikira pansi, koma m'mbali mwake musamasongoke ngati diso. Jambulani kaye bokosi, muike chozunguliracho mkati mwake. Kunena zoona, pafupifupi chilichonse chingayambe ngati bokosi: mpando, galimoto, ngakhale chifuwa cha munthu. Ndi chizolowezi chabwino kujambula mabokosi angapo tsiku lililonse ndi dzanja lokha, kenako n'kutalikitsa mizere yake ndi rula ndi cholembera cha mtundu wina kuti muone ngati ikukakumana pamalo amodzi. Ntchitoyi njotopetsa, koma ndi imene imaphunzitsa diso.

Mizere ikakhazikika, sunthirani pakompyuta, tabuleti kapena foni. Krita ndi GIMP ndi mapulogalamu aulere, Procreate imagwira pa iPad, ndipo ena amakonda Clip Studio Paint kapena Photoshop. Ngati chithunzicho chidzasindikizidwe papepala la A4, tsegulani tsamba la mapikselo 2480 m'mbali ndi 3508 mulitali, omwe ndi 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse. Krita, Procreate ndi Clip Studio Paint ali ndi zida zimene zimakokera burashi kukadontho zokha, ndipo n'zothandiza pa ntchito yachangu, koma maganizo anga ndi akuti wophunzira asazidalire msanga, popeza chidacho chimangowongola mzere, sichisankha pomwe mzere wa maso uyenera kukhala.

Ngati munajambula papepala, jambulani chithunzicho ndi kamera kapena sikana, muchiike pa layer yapamwamba (ma layer ali ngati mapepala oonekera mkati osanjikizana m'pulogalamu), ndipo layer imeneyo muisinthe kukhala Multiply kuti kuyera kwa pepala kusaoneke, kutsale mizere yokha. Pansi pake tsegulani ma layer ena, ndipo chinthu chachikulu chilichonse, monga thambo, nyumba, nthaka ndi anthu, chikhale ndi layer yakeyake yodzazidwa ndi mtundu umodzi wosasakaniza. Mukatero mungatseke layer iliyonse ndi alpha lock, kapena kuika clipping mask pamwamba pake, kuti burashi isadumphe malire.

Musanasankhe mitundu yeniyeni, konzani kuwala ndi mdima pogwiritsa ntchito zoyera, zotuwa ndi zakuda zokha, ndipo misinkhu itatu kapena isanu njokwanira. Sankhani kumene kuwala kukuchokera, muike kachizindikiro pa layer yapadera kuti musaiwale. Mbali zitatu zooneka za bokosi zisamakhale ndi kuwala kofanana, chifukwa zikafanana bokosilo limaphwa n'kusanduka chigamba. Mithunzi yogwera pansi nayonso imamvera perspective: dzuwa likakhala patsogolo panu, mithunzi ya mapolo onse oima pamalo osalala imaloza kumalo amodzi pamzere wa maso, m'munsi mwenimweni mwa dzuwalo. Wojambula akalozetsa mthunzi uliwonse kwakekwake, woona amazindikira kuti china chalakwika ngakhale sangathe kuchitchula.

Popaka mithunzi pewani utoto wakuda weniweni, chifukwa umadetsa mitundu yonse. Tsegulani layer ya Multiply, yomwe imaderetsa mitundu ya pansi pake, musankhe mtundu wa buluu kapena wa pepo wotuwirako, popeza panja mthunzi umalandira kuwala kochokera kuthambo. Kuwala kwa dzuwa kungawonjezedwe pa layer ya Overlay ndi mtundu wachikasu, koma pang'onopang'ono, chifukwa layer imeneyi sichedwa kupsereza chithunzi.

Apa ndi pamene utoto umagwirizana ndi mizere ija. Pakati pa diso lanu ndi phiri lakutali pali mpweya wambiri wokhala ndi fumbi ndi chinyezi, ndipo mpweyawo umamwaza kuwala, motero phirilo limaoneka lotuwa, lopita kubuluu, ndipo kusiyana kwa mbali yowala ndi yamdima kumachepa. Leonardo da Vinci analemba za zimenezi ndipo anazionetsa m'mapiri akumbuyo kwa Mona Lisa. Choncho mitundu yowala kwambiri, mdima wakuya ndi m'mphepete mwakuthwa zisungidwire zinthu zapafupi, ndipo chinthu chikamanka kutali chizitenga pang'ono mtundu wa thambo. Njira yosavuta ndiyo kuika layer yopyapyala ya mtundu wa thambo pakati pa zinthu zapafupi ndi zakutali, n'kuchepetsa opacity, yomwe ndi mphamvu ya layer yophimba zapansi pake, mpaka zitaoneka bwino. Mizere yakutali nayo ikhale yowonda ndi yofooka kuposa yapafupi.

Pomaliza ntchito, yesani chithunzicho m'njira zitatu. Chitembenuzeni kuti kumanja kukhale kumanzere, ndipo kupendekeka kumene diso linakuzolowera kudzaonekera nthawi yomweyo. Chichepetseni kwambiri kuti muone ngati chikumvekabe chili chaching'ono. Kenako ikani pamwamba layer yodzaza ndi mtundu wotuwa, muisinthe kukhala Color, kuti muone ngati kuwala ndi mdima zikusiyanabe mitundu ikachoka. Sungani fayilo yokhala ndi ma layer onse, monga KRA kapena PSD, ndipo yogawira ena ikhale PNG kapena JPEG, pokumbukira kuti sikirini imapanga mitundu posakaniza kuwala (RGB) pomwe makina osindikizira amasakaniza inki (CMYK), ndiye mitundu ina yowala kwambiri imazilala papepala.

Kuti mudziwe ngati mukupita patsogolo, sankhani malo amodzi, monga ngodya ya chipinda chokhala ndi tebulo ndi zenera, muwajambule, mulembe tsiku, ndipo pakatha miyezi itatu muwajambulenso osayang'ana chithunzi choyamba. Mukatha, ikani zithunzi ziwirizo pa ma layer awiri, mutalikitse mizere ya tebulo pachithunzi chilichonse, ndipo muwerenge kuti ndi ingati imene yakafika pakadontho.